Kodi masewera a malonda ndi nkhondo za m'mlengalenga amakoma pati?

Wowerenga wina wafunsa kuti: "Kwa zaka zingapo ndakhala ndikusewera mpira ndi masewera owomberana pa laputopu yanga. Mnzanga anandiumiriza kuti ndiyese Elite Dangerous, koma madzulo onse ndinangoona mdima, nyenyezi ndi mitengo ya katundu, ndipo nditayesa kulowa mu siteshoni ndinalipitsidwa chindapusa kenako chombo changa chinaphulitsidwa. Kodi anthu amaonamo chiyani m'masewera otere, ogula ndi kugulitsa katundu m'mlengalenga kwinaku ukumenyana ndi achifwamba? Kodi ndi oyenera nthawi ndi ndalama zanga?"

Zimene zinakuchitikirani madzulo amenewo zachitikira anthu ambiri, ndipo sizikusonyeza kuti simudziwa kusewera kapena kuti mnzanuyo anakunamizani. Masewera amtunduwu sakoma tsiku loyamba chifukwa chimene chimawakometsa chimakhala chisanabwere: munthu amayenera kuyamba wakhala ndi kanthu koti angathe kuluza. M'masewera owomberana amene mwazolowera, mukaphedwa mumadzukanso pakapita masekondi ochepa mfuti ili m'manja, ndipo mpira ukatha ndi zigoli zitatu kwa duu mumangoyambitsa wina. Kuno chombo chimene mukuyendetsa munachigula ndi phindu la maulendo ambiri, katundu amene mwanyamula munamupikula ndi ndalama zanu zomaliza, ndipo wachifwamba akakutchingirani njira, chimene chili pachiswe ndi thukuta la mlungu wathunthu. Malonda ndi amene amachititsa kuti nkhondoyo ikuthamangitseni magazi, ndipo nkhondoyo ndi imene imachititsa kuti malondawo asangokhala masamu.

Kapangidwe kameneka kanakhwima mu 1984, pamene David Braben ndi Ian Bell, anyamata amene ankaphunzira pa yunivesite ya Cambridge ku England, anatulutsa Elite, kholo la Elite Dangerous amene munayesawo, kudzera ku kampani ya Acornsoft. Masewera ogulitsa katundu pakati pa nyenyezi analipo kale, monga Star Trader a mu 1974 amene anali a mawu okhaokha, ndipo owomberana m'mlengalenga anayamba kalekale ndi Spacewar! mu 1962, koma Elite ndi amene anamanga ziwirizi pamodzi ndi kukhazika wosewera pampando wa woyendetsa chombo. Ankayenda pa kompyuta ya BBC Micro imene memore yake yonse inali makilobayiti 32, malo amene lero sangakwane ngakhale chithunzi chimodzi cha pafoni, komabe m'kamalo kameneko munalowa milalang'amba 8, uliwonse wa mapulaneti 256. Anyamatawo sanasunge mapulanetiwo limodzi ndi limodzi. Anasunga timanambala tochepa tokha, ndipo kompyuta inkatisakaniza motsatira lamulo losasintha n'kutulutsa dzina la pulaneti, malo ake, boma lake ndi mtundu wa chuma chake, moti aliyense wogula masewerawo ankapeza mlengalenga wofanana ndendende ndi wa mnzake.

Taonani mmene ulendo woyamba unkakhalira. Munkayambira pa siteshoni ya Lave ndi chombo cha Cobra Mk III, makirediti 100 okha (ndalama za m'masewerawo), ndi thanki ya mafuta yokulolani kudumpha mtunda wosaposa umene kuwala kumayenda pa zaka 7. Lave ndi pulaneti la alimi, choncho chakudya ndi nsalu n'zotchipa kumeneko pamene makina ndi makompyuta n'zodula, ndipo ku Zaonce kapena ku Leesti, komwe kuli mafakitale, mitengo imakhala mosemphana. Aliyense amene anaonapo mayi akupikula tomato ndi mbatata ya kachewere pa Lizulu kuti akagulitse ku Lilongwe akuwadziwa kale masamu amenewa: ugule komwe chinthu chachuluka, ukagulitse komwe chikusowa, uchotsere za thiransipoti, ndipo usabwerere wopanda kanthu. Chimene Braben ndi Bell anawonjezera n'chakuti pulaneti lililonse lili ndi mtundu wake wa boma. Kumene boma lili lolimba apolisi amalondera njira ndipo achifwamba amachepa, pamene ku malo ngati Riedquat, amene ali pafupi ndi Lave koma alibe boma n'komwe, munthu amatha kuzingidwa ndi zombo zingapo asanaione n'komwe siteshoni. Motero mapu amene akukuuzani komwe kuli phindu ndi omwewonso akukuuzani komwe mungafere.

Njakata yeniyeni inkabwera mpamba ukakula pang'ono. Ndi makirediti 400 munkakulitsa malo a katundu kuchoka pa matani 20 kufika pa matani 35, ndipo ulendo uliwonse wotsatira unkabala zambiri, koma mfuti yabwinopo inkagula makirediti 1,000, ndipo popanda iyo matani 35 amenewo anali chakudya cha achifwamba. Masewerawo sankakuuzani choyamba kugula. Panalinso njira yachidule, yozembetsa mfuti, mankhwala osokoneza bongo ndi akapolo, imene inkalemeretsa msanga koma n'kukuipitsirani mbiri mpaka zombo za apolisi zotchedwa Viper kuyamba kukusakani. Ndinene pano kuti mzere wa akapolo pa ndandanda ya msika, umene ulipobe mu Elite Dangerous, suwerengeka mopepuka kwa munthu amene akudziwa zimene zinkachitika pa Nkhotakota, ndipo sindingamudabwe amene angaone kuti kumeneko opanga masewerawo anapyola malire. Chimene ndinganene mowaikira kumbuyo n'chakuti palibe amene amakukakamizani kunyamula katundu ameneyo, ndipo munthu amatha kulemera osamukhudza.

Ufulu umenewu ndi ubwino wachiwiri, ndipo unali wachilendo pa nthawi imene masewera ambiri ankapatsa munthu miyoyo itatu ndi mapointi oti aunjike. Elite analibe mathero. Panali maudindo okha a luso la nkhondo, kuyambira pa Harmless mpaka pa Elite, ndipo zina zonse zinali kwa inu, kaya mukhale wamalonda, wokumba miyala, wosaka zigawenga kuti mulandire mphoto, kapena chigawengacho. Ndi ufulu womwewu umene unakusowetsani chochita madzulo aja, chifukwa amene wazolowera kuuzidwa kuti pita apo ukawombere uyo amamva ngati wasiyidwa pamtetete. Ine ndimaona kuti masewerawa amayamba pa tsiku limene mwadziikira nokha cholinga, ngakhale chaching'ono ngati kusonkhanitsa ndalama za chombo chonyamula katundu wochulukirapo.

Za nkhondoyo payokha, kukoma kwake sikuli m'kulunjika mfuti kokha. Mdani amatha kubwera kuchokera pamwamba, pansi kapena kumbuyo, ndipo mphamvu ya chombo sikwanira zonse nthawi imodzi. Mu Elite Dangerous muli timagawo 6 ta mphamvu toti mugawire zishango, mainjini ndi mfuti, ndipo mbali imodzi singalandire toposa 4, choncho pa sekondi iliyonse mumakhala mukusankha kuti mulimbe, muthamange kapena muwombere. Kagawidwe kotere kanatchuka ndi X-Wing mu 1993 ndi TIE Fighter mu 1994. Kwa wamalonda, kupambana nthawi zambiri sikutanthauza kupha mdani. Wachifwamba akayamba kukukokani kuti akutulutseni pa liwiro lalikulu limene mumayendera pakati pa mapulaneti, wodziwa amachepetsa liwiro n'kugonja dala, chifukwa akatero injini yodumphira kutali imakhala yokonzeka msanga, kenako amaponya mphamvu ku zishango ndi ku mainjini n'kudumphira ku nyenyezi ina, ndipo ngati zavuta amataya matani angapo a katundu kuti mbavayo itanganidwe ndi kutola. Amene wapulumuka chonchi chishango chitatha, galasi la kutsogolo litang'aluka, n'kukocheza pa siteshoni ndi katundu wake, amakhala ndi nkhani yoti akambe imene palibe wolemba anamulembera.

Opanga masewera sagwirizana pa kayendedwe ka chombo. Frontier: Elite II, amene Braben anatulutsa mu 1993, anatsatira malamulo enieni a kayendedwe ka zinthu m'mlengalenga, moti chombo sichinkaima mukazimitsa injini ndipo kuchepetsa liwiro kunkafuna nthawi ndi mafuta ngati kuliwonjezera; zinali zoona, koma nkhondo zake zinkangokhala kudutsana mothamanga n'kutembenukanso. Wing Commander: Privateer a chaka chomwecho ndi Freelancer a mu 2003 anasankha kuti chombo chizikhota ngati ndege, ndipo Freelancer anasonyeza kuti mausi ndi yokwanira, joystick, kandodo kowongolera chombo, si yofunika. Ndatchula zimenezi kuti musathamangire kugula zipangizo zodula musanadziwe ngati masewerawa akukomerani.

Kumene masewerawa akula kwambiri kuyambira masiku a Lave ndi pa nkhani ya chuma. Mu Elite oyamba mitengo inkangosinthasintha pang'ono mozungulira nambala yoikika, ndipo munthu akapeza njira yabwino ankangoibwereza. Kampani ya Egosoft ya ku Germany, imene inayamba ndi X: Beyond the Frontier mu 1999 n'kufika pa X4: Foundations mu 2018, inapita patsogolo pochititsa kuti katundu aziyendadi. Mu X4 chombo chankhondo cha mtundu wina sichingotulukira chokha. Chimamangidwa pa doko ndi zipangizo zimene zapangidwa m'mafakitale, kuchokera ku miyala imene zombo zina zakumba, ndipo adani akadula njira ya zombo zamalonda, dokolo limaima n'kuyamba kugula zipangizozo pa mtengo wokwera. Wosewera amene waona kusowako n'kumanga fakitale yake pamalo oyenera amalemera, komanso amasintha mmene nkhondo ya mitundu ikuyendera popanda kuwombera chipolopolo.

EVE Online, amene kampani ya CCP ya ku Reykjavik m'dziko la Iceland inatsegula mu 2003, anafika pamapeto pa ganizo limeneli. Osewera a m'mayiko ambiri ali pa seva imodzi yotchedwa Tranquility, pafupifupi chombo chilichonse ndi chida chilichonse chimapangidwa ndi osewera okhaokha, ndipo mitengo pa msika waukulu wa Jita imaikidwa ndi anthu amene akupikisana kugula ndi kugulitsa. Chumachi chinakula moti mu 2007 kampaniyo inalemba ntchito katswiri wa zachuma, Eyjólfur Guðmundsson, kuti aziyang'anira kukwera kwa mitengo ndi kuchuluka kwa ndalama ngati mmene banki yaikulu ya dziko imachitira. Chinsinsi chake n'chakuti chombo chikaphulika chapita basi, ndipo chombo chilichonse chophulika chimapatsa ntchito wokumba miyala, womanga zombo ndi wonyamula katundu. Nkhondo ikanapanda kuwononga zinthu, msika ukanadzaza n'kufa.

Chitsanzo chotchuka ndi nkhondo ya pa B-R5RB mu January 2014. Gulu lina linalephera kulipira bilu yosungira ulamuliro wa dera limenelo, adani awo anaona mpata, ndipo anthu masauzande anamenyana kwa maola 21. Zombo zazikulu kwambiri zotchedwa titan, zimene chimodzi chimatenga milungu ingapo kuti chimangidwe, zinaphulika 75, ndipo zonse zimene zinawonongeka zinayerekezeredwa kuti zinali za madola pafupifupi 300,000 a ku America. Nambala imeneyi imamveka molakwika kawirikawiri, ngati kuti anthu anatulutsa ndalama zimenezo m'matumba usiku umodzi, pamene kwenikweni ndi kuwerengera chabe mtengo wa ntchito ya miyezi ndi zaka malinga ndi mmene ndalama za m'masewerawo zimasinthidwira ndi nthawi yosewera imene anthu amagula ndi ndalama zenizeni. Chimene chimandigwira mtima ine si madolawo ayi, koma kuti nkhondo yonseyo inayambira pa bilu. Kuseri kwa oyendetsa zombo kunali osunga chuma, akazitape, okambirana mapangano ndi onyamula mafuta, anthu a zinenero zosiyana amene ambiri sanaonanepo maso ndi maso, ndipo luso loyendetsa gulu lotere si lamasewera. Dziwaninso kuti mu EVE chinyengo ndi kuba m'kati mwa masewera n'zololedwa, ndipo magulu akuluakulu agwapo chifukwa cha munthu mmodzi amene anakhulupiriridwa ndi makiyi a nkhokwe. Kumeneko mwambi wakuti phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako umaphunziridwa mowawa.

Mdima umene munauona nawonso uli ndi okonda ake. Elite Dangerous, amene anatuluka mu December 2014, anayerekezera mlalang'amba wathu wa Milky Way pa kukula kwake kwenikweni, ndi magulu a nyenyezi okwana 400 biliyoni, ndipo nyenyezi zambiri zimene akatswiri a zakuthambo anazilemba kale anaziika m'malo mwake. Mpaka lero osewera onse pamodzi sanafike ngakhale pa gawo limodzi mwa magawo 100 a malo amenewo, choncho munthu akachoka kudera lokhalako anthu amatha kufika pa pulaneti limene palibe wina anafikapo, ndipo dzina lake limalembedwapo akabweretsa zimene wapeza. Paulendo wotere amaphunzira zinthu zoona mosazindikira, monga kuti nyenyezi zambiri zimagawidwa m'magulu a O, B, A, F, G, K ndi M malinga ndi kutentha kwake, chifukwa ndi zokhazo zimene chombo chingatungepo mafuta, ndipo wodumphira pa nyenyezi ya mtundu wina thanki ili pafupi kuuma amagwidwa ndi ludzu pakati pa chipululu. Pofuna kuthandiza otere, osewera ena anayambitsa mu 2015 gulu la Fuel Rats limene limauluka mtunda uliwonse kukapereka mafuta kwaulere kwa mlendo amene sakumudziwa. Mu 2019 anthu oposa 10,000 analembetsa ulendo wa Distant Worlds II wopita ku Beagle Point, kutsidya kwa mlalang'ambawo, pa mtunda umene kuwala kumayenda pafupifupi zaka 65,000. Opanga masewerawo sanalamule zimenezi, anangopereka bwalo.

Sindikhala wachilungamo ndikabisa zoipa zake. Masewerawa amadya nthawi, ndipo mbali yaikulu ya nthawiyo ndi yobwereza zomwezomwezo, kunyamula katundu yemweyo pakati pa masiteshoni awiri omwewo mpaka ndalama zitakwana. Pali malo mu Elite Dangerous otchedwa Hutton Orbital amene kuti mukafikeko mumauluka molunjika kwa nthawi yoposa ola osachita kalikonse, ndipo ngakhale okonda masewerawa amaseka nazo, nthawi imeneyo ndi yeniyeni ndipo sibwerera. Kuphunzira mabatani ndi mindandanda kumatenga masiku, ndipo za EVE anthu amanena monyogodola kuti ndi ntchito ya muofesi yochitikira m'mlengalenga. Pa ndalama, chenjerani ndi masewera ogulitsa malonjezo. Star Citizen analengezedwa mu 2012 ndi Chris Roberts, amene anapanga Wing Commander, ndipo atolera madola oposa 700 miliyoni kwa anthu ogula zombo ndi ndalama zenizeni, koma patatha zaka zoposa 10 anali akadali pa gawo loyeserera. Ali ndi zinthu zokongola zimene ena alibe, koma amafuna kompyuta yamphamvu kwambiri, ndipo sindingalangize munthu woyamba kumene kuti ayambire kumeneko.

Palinso nkhani ya intaneti ndi magetsi, imene kwa ambiri a ife ndi yaikulu kuposa zonsezi. Elite Dangerous amafuna intaneti nthawi zonse, ngakhale mutasankha kusewera nokha, ndipo kuwadawuniloda kumadya magigabayiti makumi angapo, pamene EVE, amene kuyambira 2016 munthu angathe kuyamba kwaulere, salola kuti muimitse nkhondo chifukwa magetsi azima kapena bandulo yatha. X4 safuna intaneti posewera koma amalemera pa laputopu yakale chifukwa kompyutayo imakhala ikuwerengera zombo ndi mafakitale onse nthawi imodzi. Ngati mukufuna kulawa kaye musanaononge kanthu, yesani Oolite, amene ndi Elite akale omangidwanso ndi anthu odzipereka ndipo amakuyambitsirani pa Lave pomwe paja, kapena Endless Sky, amene mumaona chombo chanu kuchokera pamwamba. Onse awiri ndi aulere, ndi aang'ono, ndipo akalowa m'kompyuta safunanso intaneti. Endless Sky ndimawakonda powonetsa munthu mtima wa masewerawa, chifukwa mumayamba ndi ngongole ya kubanki imene imadulidwa tsiku lililonse pamodzi ndi chiwongoladzanja, ndipo mumasankha pakati pa kachombo konyamula anthu, konyamula katundu kapena kankhondo, kenako ngongoleyo imakuphunzitsani yokha kuti ulendo wopanda katundu ndi ulendo woluza. Muli kuwerenga Chingelezi kochuluka ndithu, koma nkhani yake ndi yolembedwa bwino.

Ngati mungabwerere ku Elite Dangerous, vuto lanu la pa siteshoni lija ndi losavuta. Munalowa musanapemphe chilolezo, ndipo siteshoni imalipitsa kenako kuwombera aliyense wolowa chotero. Mukafika pa mtunda wosaposa makilomita 7.5, tsegulani mndandanda wa kumanzere, musankhe siteshoniyo, mupemphe malo okochezera, ndipo mukapatsidwa nambala mulowe pang'onopang'ono cha kumbali ya magetsi obiriwira a pachipata, pa liwiro losapitirira mamita 100 pa sekondi, miyendo yotererapo mutatsitsa. Chombo choyambira cha Sidewinder chikaphulika mumapatsidwa china kwaulere, choncho masiku amenewa ndiwo oti mulakwitse zonse zimene mungalakwitse. Mukagula chombo chanuchanu, inshulansi imafuna kuti mulipire magawo 5 mwa magawo 100 a mtengo wa chombocho kuti chibwezeretsedwe, ndipo katundu amene anali m'menemo sabwezedwa, choncho popikula muzisiya ndalama imeneyo pambali ngakhale mtengo wa golide utakhala wokopa bwanji. Yambani ndi ntchito zazing'ono zotumikira za pa bolodi la siteshoni, musankhe masiteshoni awiri kapena atatu oyandikana, ndipo mulembe mitengo yawo papepala kwa masiku angapo mpaka mutaona chimene wina akusowa pamene mnzake ali nacho chochuluka.